Tawasenzetsa katundu, nanga mawu tawapatsa?

Akhristu anzanga, lero ikafika nthawi ya chopereka, amene mwatulutsa K200 muyambe mwaiyang'ana musanaiponye m'mbale. Nkhope ili pandalamayo ndi ya mayi wa kwathu konkuno ku Mzimba, Rose Lomathinda Chibambo, ndipo mukaitembenuza muona Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe. Ndalama imeneyi imadutsa m'manja mwathu tsiku ndi tsiku pogula mchere ndi masamba kumsika, koma ambiri sitidziwa kuti mayiyu anali phungu wa Mzimba South, kumene ambiri a ife kuli midzi yathu, ndiponso kuti anali mayi woyamba wachimalawi kulowa m'Nyumba ya Malamulo.

Ndatchula mayiyu chifukwa cha funso lomwe landisowetsa tulo masiku ano. Zoti amayi angathe kutsogolera, Mzimba anayankha kalekale. Funso langa ndi la chilungamo. Kodi n'koyenera kumusenzetsa munthu katundu yense wa utsogoleri, koma n'kumumana mawu pamene nkhani zikugamulidwa, n'kumumananso mpata wophunzira kuti luso lake likule?

Ndiyambe ndi kwathu, kuti ndisaoneke ngati ndikuloza anzanga chala. Adada anapita ku Joni ine ndili Sitandade 3. Ankabwera pa Khirisimasi, zaka zina osabwera, ndipo ndalama zinkafika mwezi wina, mwezi wina ayi. Zonse za pakhomo zinali m'manja mwa amama: kugula feteleza, kupeza aganyu, kuyang'anira ng'ombe, kulimbana ndi amisiri pomanga nyumba ya malata, kuthamangira kuchipatala usiku mwana akadwala. Ndalama za ku Joni zikachedwa, ankanyamula nyemba ndi tomato kupita nazo kumsika wa ku Jenda. Ine ndi achemwali anga tinalemba mayeso a Sitandade 8 chaka chimodzi, popeza iwo anachedwa kuyamba sukulu chifukwa cholera ine ndi mng'ono wanga. Tonse awiri tinasankhidwa kupita ku sekondale, koma ndalama zinali zokwanira mwana mmodzi.

Nkhaniyo anaikamba abambo okhaokha kusangweni, pachipata cha khola pamene amuna a kwathu amakambira milandu. Adada anayankhula pa foni. Amama, amene anasonkhanitsa ndalamazo ndi thukuta lawo, sanaitanidwe. Anangouzidwa madzulo kuti apite ndi mwana wamwamuna, chifukwa wamkazi adzakwatiwa n'kukapindulitsa mudzi wina. Ndikukumbukira kuti anangoti, "Ndamva, alamu," n'kupitiriza kutongola chimanga. Achemwali ankandiposa pa masamu, ndipo tonse m'banjamo tinkadziwa zimenezi. Lero pepala langa la ku yunivesite lili pakhoma, koma ndikaliyang'ana mtima umandiuza kuti panali wina amene akanalitenga bwino kuposa ine.

Achemwaliwo anakwatiwa, ali ndi ana atatu. Sanafooke: analowa sukulu ya masana, analemba MSCE ali mayi wa pabanja, anakhoza, ndipo tsopano dzina lawo latuluka ku koleji ya aphunzitsi. Alamu anga ali ku Joni. Kwa apongozi nkhani yabuka: ana atsala ndi yani, munda alima ndani, ng'ombe za malowolo tinaperekeranji. Msonkhano ulipo Loweruka likubwerali. Zaka zapita zoposa 10, koma nkhani ndi yomweyo, ndipo mwini nkhani sakuyembekezeka kuyankhulapo.

Za kwathuzi si zachilendo kwa munthu wa ku Mzimba. Kwa zaka zoposa 100 amuna a boma lino akhala akupita kukagwira ntchito kunja, ku migodi ya ku Johannesburg, ku mafamu ndi m'matauni a ku Zimbabwe, ku migodi ya kopa ya ku Zambia. Ena ankapita kudzera ku Wenela, kenaka TEBA, ena paokha. Mu 1974 ndege yobweza anthu athu kwawo kuchokera ku migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma linaimitsa Wenela. Ulendo wa TEBA nawo unatha mu 1988. Koma msewu wa ku Joni sunamere udzu, lero mabasi akunyamulabe anyamata athu. Ena amabwera ndi katundu, ena anasanduka matchona. Nthawi yonseyi minda inalimidwa, ana analeredwa, okalamba anasamalidwa, maliro anayendetsedwa. Anachita zonsezi ndani?

Pali mawu amene amamveka nthawi ya zisankho, akuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Ife a ku Mzimba ngolo timaidziwa bwino, ndiye tiyenera kuchita manyazi powanena. M'midzi yambiri ya kwa Mabulabo, kwa Mzikubola ndi kwa Khosolo, ngolo ya banja yakokedwa ndi amayi kuyambira nthawi ya agogo athu. Goli tinawaveka kalekale. Chomwe sitinawapatse ndi ufulu wonena kumene ngoloyo ipite.

Tibwerere kwa mayi wa pa K200 uja. Rose Chibambo anabadwa pa 8 Sepitembala 1928 ku Kafukule. Mu 1947 anakwatiwa ndi Edwin Chibambo, mwana wa mbusa Yesaya Zerenji Chibambo. Banjalo litakhazikika ku Zomba, kumene bamboyo ankagwira ntchito ya boma, Rose anapitiriza maphunziro pa sukulu ya madzulo ali kale pabanja. Mu 1952, atsamunda akukonza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anayamba kusonkhanitsa amayi anzake kuti nawonso amveke, ndipo ntchito imeneyi inabala bungwe la amayi mu chipani cha Nyasaland African Congress. Mu Malichi 1959 boma la atsamunda linamumanga patangopita masiku ochepa atabereka, n'kumutengera ku ndende ya ku Zomba pamodzi ndi khanda lake. Mwanayo anamutcha Gadi, pokumbukira alonda a kundendeko. Anatuluka mu 1960.

Mu 1964 anali phungu wa Mzimba South komanso wachiwiri kwa nduna. Koma mu Sepitembala chaka chomwecho, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zinasemphana maganizo ndi Dr. Banda pa nkhani zingapo, kuphatikizapo ya tiki yomwe odwala ankalipiritsidwa m'zipatala za boma. Rose anachotsedwa pa udindo pamodzi ndi Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi. Mu 1965 anathawira ku Zambia, ndipo anabwerera kwawo mu 1994, patapita zaka pafupifupi 30. Nkhope yake inaikidwa pa ndalama mu 2012. Anamwalira mu Januwale 2016 ndipo anaikidwa ku Mzuzu.

Pa moyo umenewu ndikuphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba, utsogoleri wake unayambira pa benchi ya sukulu ya madzulo. Akanauzidwa kuti mkazi wapabanja sayenda madzulo ndi makope, dziko likanataya mtsogoleri popanda wina aliyense kuzindikira kuti chinthu chatayika. Ndi mmene luso la amayi limafera: mwakachetechete, popanda maliro. Chachiwiri, kulemekeza munthu pa pepala n'kosavuta kusiyana ndi kumumvera ali moyo. Sindikunena kuti anachotsedwa chifukwa chokhala mayi, pakuti amuna anzake anachotsedwanso. Koma taonani dongosolo lake: pamene ankasonkhanitsa anthu ndi kugona kundende anali wofunika, pamene anaima pa maganizo ake anakhala mlendo m'dziko lomwe analivutikira. Amama kusangweni kuja anakumana ndi zofanana, kungoti zawo zinali za pakhomo.

Boma lino latulutsa amayi enanso. Loveness Gondwe, amene anali phungu wa Mzimba West, anapikisana nawo pa mpando wa mtsogoleri wa dziko mu 2009. Catherine Gotani Hara wa Mzimba North East anasankhidwa mu Juni 2019 kukhala mayi woyamba pa mpando wa Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Komabe m'nyumba yomwe anayamba kuitsogolera chaka chimenecho, mwa aphungu 193 amayi sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Tili ndi lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, lomwe limati polemba anthu ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 ndipo asapitirire 60 pa anthu 100 alionse. Lamulo ndi labwino, koma silifika kusangweni. Mtsikana amene anatsala kumudzi ali ndi zaka 14 sadzapezeka pa mzere wofunsira ntchitoyo.

Tsono amene amakana kuti mayi apite patsogolo si onse oipa mtima. Ali ndi zifukwa, ndipo tiyenera kuzimva bwinobwino.

Chifukwa choyamba ndi ana. N'zoona, mayi akapita ku koleji kwa zaka ziwiri, ana amamusowa, ndipo palibe amene angapepuse zimenezi. Koma bambo akapita ku Joni kwa zaka zisanu, timati akusamala banja. Achibale timakhala pansi n'kugawana ntchito zake, wina ayang'anire ng'ombe, wina denga. Mayi akafuna kuchoka kwa zaka ziwiri, n'kumabwera pa holide iliyonse, kuti adzakhale ndi malipiro a mwezi ndi mwezi moyo wake wonse, timati wataya ana. Miyeso iwiri yosiyana pa chinthu chimodzi ndiyo imene timaitcha chinyengo tikaipeza kumsika. Kulera ana ndi udindo wa anthu awiri, ndipo ngati mudzi ungathe kutseka mpata wa bambo, ungathenso kutseka wa mayi.

Chachiwiri ndi chikhalidwe. Ine ndine mwana wa kuno, ndimanyadira Ingoma ndi mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora mwezi wa Ogasiti. Koma akuluakulu amene anatiphunzitsa za malowolo anati ng'ombe zija ndi zothokoza makolo ndi zomanga ubale pakati pa mabanja awiri. Sanatiuze kuti zimagula nzeru za munthu. Amene amati "tinapereka ng'ombe" pofuna kutseka pakamwa pa mkamwana ndiye akunyoza mwambo, chifukwa akuusandutsa malonda. Komanso chikhalidwe chathu chomwechi chimadziwa mawu a mkazi: pa nkhani ya ukwati kapena maliro, ndani angadumphe ankhazi, mlongo wa bambo? Tikumbukirenso kuti makolo athu omwewo analandira sukulu ku Ekwendeni ndi ku Embangweni pamene zinali zachilendo, ndipo Ungoni sunathe. Chikhalidwe chamoyo chimadziwa chosunga ndi chosiya.

Chachitatu, akuti mkazi akaphunzira kapena akakwezedwa amadzikuza, saweramiranso mwamuna. Alipo otero, sindikana. Alipo amayi amene apatsidwa udindo n'kuuononga. Koma kudzikuza ndi matenda a mpando, amagwira aliyense wokhalapo. Abambo angati aba ndalama za makomiti, angati asiya mabanja atangokwezedwa? Sitinatsekepo sukulu za anyamata chifukwa cha iwo. Bambo akalephera timati uje walephera, mayi akalephera timati amayi alephera. Kawirikawiri mantha enieni amakhala akuti mkazi akakhala ndi malipiro ake sadzapiriranso nkhanza. Ngati banja laima pa umphawi wa mkazi, vuto lake si sukulu.

Ndinene chinanso chowawa. Amene akukana kwambiri za achemwali anga ndi apongozi awo aakazi, mayi amene nayenso anasiyitsidwa sukulu ali mtsikana. Iwo akuti, ife tinapirira, nayenso apirire. Ndimawamvetsa, pakuti n'zopweteka kuona wina akulandira chomwe iwe unamanidwa. Koma mavuto si chuma choti tizisiyirana ngati cholowa.

Tsono chilungamo pa nkhaniyi chagona pati? Ndikuona kuti udindo ndi mawu ndi mapasa. Amene adzamve kuwawa kwa chigamulo ayenera kukhalapo pogamula. Munthu amene amasenza zotsatira za maganizo a ena, iye osafunsidwa, tamusandutsa chipangizo, ngakhale timutamande chotani pa Tsiku la Anakubala. Timadziwa fanizo la pa Mateyo 25, la wantchito amene anakwirira pansi ndalama yomwe anapatsidwa. Nthawi zambiri timalimva ngati chenjezo kwa munthu waulesi. Koma taganizirani munthu amene akanakonda kuchita malonda ndi ndalama yake, ena n'kumulanda, n'kuikwirira iwo. Mlandu ukhala wa yani? Ku Mzimba kuno luso lambiri lili pansi pa nthaka, ndipo makasu okwiririra anali m'manja mwa abambo, amalume, amuna ndi alongo ngati ine amene tinapindula n'kukhala chete.

Otaya si mayi yekhayo. Mphunzitsi amene sanaphunzitsidwe ndi kalasi ya ana imene ikukhala pansi pa mtengo popanda woiyang'ana. Namwino amene sanaloledwe kupita ku koleji ndi mayi woyembekezera amene akudikira pa mzere kuchipatala cha kumudzi. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga timaukonda, koma timasenza denga la dziko titauza theka la mitu kuti ikhale pambali.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya kumudzi kokha. Ambiri a ife tikugwira ntchito m'maofesi, m'masukulu, m'zipatala ndi m'mabanki a pa boma pano. Ukabwera mwayi wa maphunziro owonjezera, amatumizidwa ndani? Kangati tamva mawu akuti uyu tisamutumize, adzatenga mimba? Kangati mayi wakhala "wogwirizira" udindo kwa zaka, ntchito n'kumayenda bwino, koma pokhazikitsa munthu pampandopo n'kubwera wina? Ndipo pali choipa chimene timachidziwa tonse koma sitichitchula, cha akuluakulu ena amene amafuna thupi la mtsikana kuti amulembe ntchito kapena amukweze. Lamulo la 2013 lija limati kuzunza munthu motere ndi mlandu. Amene amadziwa n'kungoseka nawo, dzanja lawo lilimo.

Tiyang'anenso m'parishi mwathu. Amasesa tchalitchi ndani, amadzaza kwaya ndani, amayendera odwala, kuphika pamaliro, kuphunzitsa ana, kusunga miphakati kuti isafe ndani? Koma ikafika nthawi ya zisankho, mayi timamupatsa usungichuma kapena uwachiwiri. Ndiye kuti kukhulupirika kwake timakudziwa, mpaka kumusungitsa ndalama zathu, koma nzeru zake timazikayikira. Pano sindikukamba za unsembe, ndikukamba za maudindo amene Mpingo unatsekula kale kwa mkhristu aliyense. Mu Januwale 2021 Papa Francis analola kuti amayi azikhazikitsidwa pa utumiki wowerenga Mawu ndi wotumikira pa guwa. Mu Januwale 2025 anasankha Sisitere Simona Brambilla, amene anatumikirapo kwa anansi athu ku Niassa m'dziko la Mozambique, kukhala mayi woyamba kutsogolera nthambi yaikulu ya ku Vatican. Kuno kwathu, masisitere a MIC anafika ku Katete mu 1948, gulu la masisitere a Rozari linayamba mu 1951, ndipo akhala akuyendetsa sukulu ndi zipatala. Kwa abale athu a CCAP ku Embangweni, Dr. Agnes Fraser ankachiza odwala zaka zoposa 100 zapitazo. Umboni tili nawo wokwanira, chosowa ndi kulimba mtima.

Nanga tichitenji? Makolo, ndalama zikachepa, funso likhale lakuti tipeza bwanji zina, ndipo ngati kusankha kuli kosapeweka, asankhidwe mwana chifukwa cha khama lake, mayi wake ali pomwepo. Abambo apabanja, mkazi wanu akafuna kubwerera ku sukulu, muwerengere limodzi ndalama ndi nthawi monga muchitira pogula poloti, ndipo muphunzire kusambitsa mwana ndi kuphika nsima, manja sathothoka. Amene muli ndi maudindo kuntchito, taonani mndandanda wa omwe mwawatumiza ku maphunziro zaka zitatu zapitazi, muwerenge nokha. Amayi amene munafika pamwamba, musakweze makwerero mutakwera. Mtsikana amene wangoyamba ntchito akufuna womuuza mmene amalembera kalata yopempha tchuthi cha maphunziro ndi mmene amayankhira pofunsidwa mafunso a ntchito. Ndipo pa zisankho za m'miphakati zikubwerazi, tisankhe amene ntchito akuigwira kale, ndipo amayi mukasankhidwa musamati "asankheni abambo".

Ine Loweruka ndikupita kumudzi. Sindikudziwa kuti nkhani ikatha bwanji, chifukwa apongozi a achemwali ndi anthu aulemu wawo ndipo nkhawa zawo za ana ndi zenizeni. Ndakonza zokanena ziwiri zokha. Choyamba, gawo la fizi ndidzalipira ine, ndipo si chifundo, ndi ngongole yomwe ndakhala nayo kuyambira tsiku lija amama ankatongola chimanga. Chachiwiri, ndikapempha akuluakulu kuti tisanayankhule ife tonse, ayambe ayankhula achemwali, afotokoze okha zomwe akonza za ana ndi za munda, pakuti ndikudziwa kuti aziganizira kuposa aliyense wa ife. Mundikumbukire m'mapemphero, ndipo K200 ija ikamachoka m'dzanja lanu, muganizire mayi kapena mtsikana wa m'nyumba mwanu amene katundu munamusenzetsa kale, koma simunamufunsepo maganizo ake.